Njira yolowera galimoto pakhomo: yambani ndi ngalande, geti pambuyo

Ntchito yanga ndi yomanga. Ndimakhala kufupi ndi Lizulu, ndipo maganyu anga ambiri ndi a m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera paboma pa Dedza kutsetsereka mpaka ku Ntcheu. Mwa zonse zimene anthu amandiitanira, imene amaipeputsa kwambiri ndi kanjira kochokera pamsewu kulowa papuloti. Munthu amamanga nyumba, nazungulira mpanda wa njerwa, nakhoma geti lachitsulo lopaka penti yobiriwira, ndiye tsiku limene galimoto ikubwera m'pamene amakumbukira kuti pakati pa tala ndi getilo pali ngalande. Amatuma anyamata kuti athiremo zibuma, zidutswa za njerwa ndi dothi, galimoto n'kudutsa bwinobwino. Zimayenda mpaka Disembala. Mvula yoyamba yamphamvu ikangogwa, madzi amene anatsekeredwa aja amakwera pamsewu, kapena amakhotera pabwalo la mnansi, kapena amalowa pageti pomwepo n'kukaima pakhonde.

Choyamba choti mudziwe musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti n'chakuti malo amene mukufuna kumangapo njirayo si anu. Msewu uliwonse wa boma uli ndi malo ake osungidwa m'mbali zonse ziwiri. Pamisewu ikuluikulu ngati M1, malowo ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 kuchokera pamzere wapakati kupita mbali iyi, ndi mamita 30 mbali inayo. Tengani tepi mukayeze nokha, mudzadabwa kumene akuthera. Nyumba ndi magolosale ena amene mumawaona atalembedwa X wofiira pakhoma m'matauni a m'mbali mwa msewu, nkhani yake ndi yomweyi. Misewu ing'onoing'ono malo ake ndi ochepera, ndipo muyeso wa msewu wanu mukaumve kuofesi, osati kwa amene anakugulitsani puloti. Wogulitsa amaloza ndi chala mpaka m'mphepete mwa tala chifukwa akufuna puloti lioneke lalikulu.

Ndiye kanjira kanu kadzadutsa pamalo a boma mwachilolezo. Tsiku limene msewu udzakulitsidwe, makina adzakafukula osakufunsani mtengo wa matailosi amene munayalapo. N'chifukwa chake ine ndimauza eni nyumba kuti ndalama zokongoletsera azisungire mkati mwa mpanda. Kunja kwa mpanda mangani chinthu cholimba, chodutsitsa madzi, basi.

Chilolezo chimachokera kwa amene amayang'anira msewuwo. Onani chilembo cha msewu wanu. Wa M, monga M1 kapena M5 wa kumunsi ku Golomoti, ndi wa S, monga uja wotsika ku Khwekhwelere kuchokera pa Masasa, nkhani yake imafika ku Roads Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Timisewu ta m'tauni ndi ta m'midzi n'ta khonsolo. Kaya msewu wanu ndi uti, ine ndimati yambirani kukhonsolo ya boma lanu, kuofesi yoona za ntchito za zomangamanga, chifukwa iwo ndi amene angakuuzeni kuti kalata yanu ipite kuti. Musapite chimanjamanja. Jambulani papepala msewu, ngalande, mpanda wanu, pamene mukufuna pakhale polowera, mulifupi mwake, ndi kumene madzi amachokera ndi kumene amapita. Jambulaninso malowo ndi foni. Nenani zoona za galimoto zimene zizilowa: ngati ndi kagalimoto kanu kokha, kapena malole onyamula kachewere ndi kabichi. Amene akutsegula chigayo, malo ogona alendo kapena sitolo yaikulu ayembekezere mafunso ochuluka kuposa wa nyumba yogona. Yankho lililonse limene akupatsani likhale lolembedwa, lodindidwa, ndipo mulisunge pamodzi ndi mapepala a puloti. Mawu apakamwa a munthu wa muofesi amasamuka naye akamusintha malo.

Funsaninso za zimene zili pansi. M'mbali mwa misewu yathu mumadutsa mapaipi a Central Region Water Board ndi zingwe za intaneti zokwiriridwa, ndipo pamwamba pali mapolo a ESCOM ndi nthambo zake zokokera pansi. Piki ikaboola paipi ya madzi, bilu yake ndi yanu.

Ena amadandaula kuti boma lathu limavutitsa anthu ndi zilolezo pa kanthu kakang'ono. Mphwanga wina anapita kukaphunzira za madzi ku Delft, m'dziko la Netherlands, ndipo zimene amafotokoza zinanditonthoza. Kumeneko kanjira kotere anthu amakatchula kuti oprit, pomwe malamulo a makhonsolo amalemba kuti uitweg, ndipo munthu sangangodzuka n'kugumula m'mphepete mwa msewu. Amayamba wapempha kukhonsolo ya dera lake, imene ingakane ngati polowerapo paika anthu pangozi, ngati pachotsa malo oimikapo galimoto a anthu onse, ngati pawononga mitengo ndi maluwa a m'mbali mwa msewu, kapena ngati pulotilo lili kale ndi polowera pena. M'madera ambiri gawo lodutsa pamalo a boma amamanga ndi a khonsolo eni ake, mwini nyumba n'kulipira. Njirayo ikamadutsa pangalande, pamafunikanso chilolezo cha bungwe loyang'anira madzi la deralo, limene limanena kukula kwa paipi yoti iikidwe. Sizodabwitsa kwa anthu amene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko lawo lili pansi kuposa nyanja yamchere. Ife kuno tili pamwamba, Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, koma vuto lathu n'loti madzi athu amathamanga. Awo amaima, athu amakumba.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya madzi. Njira yabwino imamangidwa m'chilimwe koma imayezedwa m'dzinja. Mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ikamagwa yeniyeni ija yochititsa mdima masana, valani jombo, tengani ambulera, mukaime pangalande yanu. Onani kuti madzi akufika pati, akuthamanga bwanji, anyamula chiyani. Khomani chikhomo pamene afika pamwamba penipeni. Ngati mwagula puloti m'chilimwe ndipo simungadikire, ngalande imanena yokha: yang'anani mzere wa zinyalala zouma, mapesi ndi timapepala tapulasitiki tokodwa m'maudzu a m'mbali, pamenepo ndi pamene madzi anafika. Kenako funsani amayi achikulire amene akhala pamalopo zaka zambiri. Muwafunse kuti, "Agogo, chaka chimene kunagwa mvula yoopsa, madzi apa anafika pati?" Adzakulozerani malo okwera kuposa chikhomo chanu, ndipo muyeso woti mutsatire ndi wawowo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa kamodzi adzadutsanso, ngakhale patapita zaka khumi.

Yendaninso chokwera ndi ngalandeyo muone kuti madzi ake amachokera kutali bwanji. Ngati pamtunda pang'ono pali kangalande kopatutsira madzi kutchire, kapena kalavati wodutsa pansi pa msewu, ndiye kuti anu ndi ochepa. Koma ngati ngalande yatsika phiri lonse osapatuka, monga zimakhalira m'malo otsetsereka a ku Bembeke, konzekerani madzi ambiri. Onaninso makalavati a anansi anu akumtunda ndi akumunsi. Amene watsekeka ndi mchenga akukuuzani kuti kukula kumeneko sikukwana, kapena anamugoneka mopanda kutsetsereka.

Pamene pakhale polowera musasankhe potengera pamene pali khomo la nyumba. Sankhani pamene mukuona msewu patali mbali zonse ziwiri. Pakona ayi, pamwamba pa chitunda pamene galimoto zimangotulukira mwadzidzidzi ayi, moyandikana ndi mphambano kapena pamene maminibasi amaima ayi. Yesani motere: imikani galimoto pamene muzidzaima potuluka, khalani pampando wa dalaivala, osati chiimire, chifukwa maso a munthu woimirira amaona zimene wokhala saona. Galimoto ikangoonekera, yambani kuwerenga masekondi mpaka ikudutseni. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo inu kuti mudzuke, mulowe mumsewu ndi kuyamba kuthamanga mumafunika masekondi angapo. Ngati simunafike pa 8 kapena 10 iyo yadutsa kale, sunthani polowerapo. Kumbukiraninso nkhungu ya kwathu kuno ya mu Juni ndi Julayi, imene imabisa lole yathunthu mpaka itakufikani pamphuno.

Geti libwerere mkati. Pakati pa m'mphepete mwa msewu ndi geti pakhale malo oti galimoto yonse iime itachoka mumsewu pamene mwana akuthamangira kukatsegula. Kagalimoto kakang'ono kamafuna mamita 6, lole yoposa pamenepo. Ngati mpanda uli kale pafupi, gumulani pang'ono muulowetse mkati pamalo a getipo. Zitseko zizitsegukira mkati. Ndipo pabwalo siyani malo otembenukira, kuti muzituluka chakutsogolo. Kutuluka chafutambuyo kulowa mu M1 tsiku la msika pa Lizulu, pali akabaza, ngolo, ana asukulu ndi amayi osenza madengu a tomato, n'kufuna maliro. Wotuluka pakhomo ndi amene amadikira. Ku Netherlands kuja anachita kulemba m'malamulo a pamsewu kuti wotuluka panjira yotere apatse mpata aliyense, ngakhale woyenda pansi, ndipo amamanga polowerapo mooneka kuti njira ya oyenda pansi ikupitirira osaduka. Ifenso tisatseke kanjira ka anthu a pansi ndi khoma la kalavati.

Mulifupi mwa njira, mamita 3 ndi theka amakwana galimoto yaing'ono, koma kukamwa kwake, pokumana ndi msewu, kukhale kotambasuka kuti matayala akumbuyo asagwere m'ngalande pokhota. Ya malole ifike mamita 5 kapena 6. Ikumane ndi msewu molunjika, osati mopingasa.

Powoloka ngalande pali njira zitatu zimene ndimagwiritsa ntchito, ndipo sindizikonda mofanana.

Anthu ambiri amathamangira makalavati, mapaipi a konkire aja. Ndi abwino ngalande ikakhala yakuya. Koma musagule ang'onoang'ono chifukwa chotchipa. Ine sindiika ochepera mamilimita 600 kukamwa kwake m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo pamadzi ambiri ndimafuna 900 kapena mizere iwiri. Chifukwa chake si madzi okha. Paipi yaing'ono ikatsekeka ndi phesi limodzi lopingasa, mchenga umaunjikana kumbuyo kwake, ndipo palibe munthu angalowetsemo fosholo. Pogula, gogodani paipi ndi kachitsulo: yopsa bwino imalira ngwee, yoperewera simenti imalira mogontha ndipo m'mphepete mwake mumanyenyeka ndi chala. Funsani ngati muli waya mkati. Poika, kumbani mpaka pansi penipeni pa ngalande, tsindirani, yalani konkire wopyapyala, ndiye gonekani mapaipi motsetsereka pang'ono kutsata madzi, masentimita awiri pa mita iliyonse. Apa levulo ndi chingwe zisachoke m'manja. Pansi pa paipi pafanane ndi pansi pa ngalande. Mukaikweza, madzi amaima kumtunda n'kuyamba kufufuza njira pansi pake. Mukaitsitsa, imadzaza matope chaka chomwecho. Matani molumikizira monse ndi simenti. Pokwirira, thirani gelevulo pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, kuwaza madzi ndi kutsindira mbali zonse ziwiri mofanana kuti paipi isasunthe. Pamwamba pake pakhale dothi lotsindirika losachepera masentimita 30, ndipo ngati pazidutsa malole, kutirani paipiyo ndi konkire. Paipi imene tayala likuiponda pafupi imasweka ngati dzira.

Mbali zonse ziwiri mangani timakoma ta miyala kapena njerwa zootcha bwino, tokhala ndi mapiko olondolera madzi kukamwa kwa paipi. Timakomati maziko ake alowe pansi kuposa paipi. Kumene madzi amatulukira yalani miyala yomatidwa ndi simenti kwa mita imodzi kapena iwiri, chifukwa pamenepo ndi pamene chigwembe chimayambira, n'kumadya chobwerera mpaka kalavati yense atalendewera. Eni nyumba ambiri amafuna kudumpha gawo limeneli ndalama zikayamba kuchepa. Ndimawauza kuti bola tichedwetse penti ya geti.

Njira yachiwiri ndi silabu yogona pa timakoma tiwiri, ndipo pangalande yosaya kwambiri kapena yomangidwa kale ndi miyala, imeneyi ndi imene ndimaikonda. Simusintha ngalande, madzi amadutsa monga kale, ndipo mukaumba masilabu oduladula oti anthu anayi angathe kunyamula, mumawatukula poyeretsa. Koma silabu yodutsa pamwamba pa mpata imafuna zitsulo zenizeni, za Y12 (zonenepa mamilimita 12) zolukidwa motalikirana masentimita 15, zokhala chakumunsi kwa silabu koma zokutidwa ndi konkire, osati waya wa mpanda kapena zitsulo za bedi lakale monga ndimaonera m'malo ena. Kuchindikala kwake masentimita 15 pagalimoto zazing'ono, 20 pa zolemera. Mpata ukapitirira mita imodzi, kapena pakamadutsa malole odzaza, lipirani injiniya akuwerengereni. Mmisiri amene akuti amadziwa zonse ndi maso muzimuopa.

Yachitatu ndi yongotsetsereka kulowa m'ngalande n'kukweranso, pansi pake poyala konkire kapena miyala, madzi n'kumadutsa pamwamba. M'timisewu ta dothi ta m'midzi, kumene ngalande ndi yotambalala ndi yosaya, imeneyi ndi yotchipa ndipo siitsekeka. Kungoti galimoto zofupika zimakhula mimba mukaipanga yakuya.

Konkire wa ntchito zonsezi ndi wa muyeso wa 1:2:4. Kunena mwa pamalo antchito, thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje, mawilibala awiri a kwale, osefukira ayi, ongofika m'milomo. Mchenga ukhale wopanda dothi. Ufinyeni m'manja uli wonyowa, ukasiya matope m'chikhatho ndi woipa. Madzi achepe. Anyamata amakonda konkire wamadzimadzi chifukwa savuta kusakaniza, koma ameneyo ndi amene amang'aluka. Mukathira, sinjani ndi mtengo kuti mpweya utuluke, kenako phimbani ndi matumba kapena udzu n'kumathirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Matabwa a pansi pa silabu asachoke masabata awiri asanathe. Konkire amafika pamphamvu yake pa masiku 28, ndipo m'nyengo yozizira ya kuno amachedwerapo, choncho amene wathira mu Juni asapupulume. Ikani minga kapena miyala kuti wina asalowetsepo galimoto usiku. Kawirikawiri woyamba kuswa lamuloli amakhala mwini nyumba yemweyo.

Pali cholakwika china chimene chimaoneka paliponse pamene puloti lili pamtunda kuposa msewu. Njira imatsetsereka kuchokera pabwalo mpaka pa tala, ndipo madzi onse a padenga ndi pabwalo amatsika nayo, atanyamula katondo ndi timiyala, n'kukazitaya pamsewu. Wanjinga yamoto akaponda timiyala timeneto pakona amagwa. Ndiponso madzi oima m'mphepete ndi amene amadya tala pang'onopang'ono mpaka msewu kuyamba kuchepa. Choncho kuchokera m'mphepete mwa msewu, njira yanu iyambe yatsika pang'ono kulowera kungalande, kenako ndiye ikwere kupita kugeti. Pamalo otsikawo madzi a kwanu agwere m'ngalande. Puloti likakhala kumunsi kwa msewu, chitani mosiyana: siyani kamtumbira kakang'ono kukamwa kwa njira kuti madzi a mumsewu asatsike nanu, ndipo mamita oyamba akhale osatsetsereka kwambiri, kuti poima kudikira mpata galimoto isamabwerere m'mbuyo. Pamwamba pa njira, gelevulo wotsindirika bwino amakwana ngati malo ndi athyathyathya. Potsetsereka pamafuna miyala yoyala kapena konkire wokandakanda ndi tsache asanaume, chifukwa katondo wa kuno akanyowa amaterera. M'mbali dzalani vetiva kapena kapinga. Tala wa boma musamudule kapena kumuthira konkire pamwamba pofuna kulumikiza. Fikani m'mphepete mwake n'kulekera pomwepo.

Amene puloti lawo silikhudza msewu, ndipo njira iyenera kudutsa pamalo a munthu wina, ntchito yawo yoyamba si ya piki. Kwathu kuno malo ambiri ndi a mbumba, ndipo bambo amene mumamuona akulima pamenepo mwina ndi mkamwini chabe. Akakuuzani kuti "dutsani, achimwene, palibe vuto", thokozani, koma mukafikenso kwa mayi mwini malo ndi kwa atsibweni a banjalo. Kenako nonse mupite kwa amfumu, muyeze mulifupi mwa njirayo pamaso pa mboni, mukhome zikhomo, mulembe papepala kuti njirayo ndi yodutsa galimoto, yotalika mwakuti, ndi kuti mwapereka chiyani. Aliyense asunge pepala lake. Mikangano ya njira zotere siibuka pakati pa amene anagwirizana, imabuka ana awo akayamba kugawana malo kapena wina akagulitsa.

Ikatha ntchito, kalavati ndi wanu kumusamala ngakhale ali pamalo a boma. Mu Okutobala, mitambo isanayambe kusonkhana, lowetsani fosholo ndi khasu, chotsani mchenga, mabotolo ndi majumbo, ndipo zimene mwatulutsazo mukatayire kutali, osaziunjika m'mphepete momwemo kuti mvula yoyamba izibwezeremo. Bwerezani ikagwa mvula yaikulu iliyonse mpaka Epulo. Mukaona kadzenje kakutseguka pamwamba pa njira, pafupi ndi khoma, dziwani kuti molumikizira paipi mwina mwatseguka ndipo dothi likuthawira mkati. Pamenepo musangothira gelevulo pamwamba. Fukulani mpaka mufike pa paipi, matani, ndiye mukwirirenso motsindira.